Kujambula zovala za malemu monga amachitira Ishiuchi Miyako: tiyambire pati?

Nangondo_BT

Moni nonse. Kagulu kathu ka ojambula zithunzi kuno ku Blantyre kakukonza ntchito yojambula zinthu zimene anthu anasiya atamwalira: madiresi, mipango, nsapato, zipeso, yunifolomu ya Mvano, nsalu za chipani za nthawi ya Kamuzu, komanso zovala zimene mabanja ena a ku Chilobwe anatola m'matope namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Chatikopa ndi ntchito ya mayi wa ku Japan, Ishiuchi Miyako, makamaka Mother's (zinthu zimene mayi ake anasiya) ndi Hiroshima (zinthu za anthu amene bomba la atomiki linawapeza mumzindawo).

Vuto ndi ili. Diresi tikaliyala patebulo n'kulijambula, chithunzi chikutuluka ngati cha munthu wotsatsa kaunjika pa WhatsApp. Za mayiyu ukaziona umamva kuti mwini chovalacho sanapite patali. Amachita chiyani kwenikweni? Tili ndi makamera awiri a DSLR a sensa yaing'ono ija ya APS-C, lenzi ya 50mm ndi ya 18-55mm. Tigule magetsi anji? Zovala zamatope tichape kaye kapena ayi? Ena m'gulumu akufuna filimu yakuda ndi yoyera kuti zifanane ndi zithunzi zake zoyambirira, ena akufuna tijambulenso zipsera za anthu amene anapulumuka. Amene mukuidziwa ntchitoyi tithandizeni.

Gogo_Kamera

Achemwali, musanagule getsi lililonse dziwani kaye njira imene mayiyu anadzera, chifukwa sanayambire pa zovala.

Ishiuchi anabadwa mu 1947 ku Kiryu, tawuni yowomba nsalu m'chigawo cha Gunma. Ali ndi zaka 6 banja lawo linasamukira ku Yokosuka, doko limene asilikali apamadzi a America anakhazikikapo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945. Ku Tama Art University anaphunzira kuwomba nsalu, ndipo anasiyira panjira. Kamera anaigwira mu 1975 ali ndi zaka 28, popanda womuphunzitsa. Ntchito zake zitatu zoyamba, Yokosuka Story, Apartment ndi Endless Night, n'za misewu ndi makoma: penti wosupuka, zidindo za chinyezi, tizipinda talendi tothithikana, nyumba zimene kale munkachitikira uhule. Apartment ndi imene inamupezetsa mphoto ya Kimura Ihei mu 1979, mkazi woyamba kuilandira.

Atakwanitsa zaka 40 anachoka pamakoma n'kupita pakhungu. Mu 1·9·4·7 anajambula manja ndi mapazi a amayi 50 obadwa chaka chimodzi ndi iye, nkhope osaonetsa: ming'alu ya ku chidendene, mitsempha, zikhadabo. Kenako khungu la Kazuo Ohno, wovina wobadwa mu 1906, ali nkhalamba. Kuyambira 1991 anayamba zipsera. Choncho pamene mayi ake ankamwalira mu 2000, n'kuyamba kujambula mapitikoti awo, lipisitiki wotha theka, mano oikirira ndi chipeso chokhala ndi tsitsi, anali atatha zaka 25 akuphunzira kuona pamene nthawi yadya chinthu. Ngakhale dzina limene timamudziwa nalo ndi la mayi akewo asanakwatiwe, mayi amene ankayendetsa lole nthawi ya nkhondo. Mother's inakaimira Japan ku chionetsero chachikulu cha zaluso cha Venice Biennale mu 2005. Ku Hiroshima anayamba mu 2007, ndipo mwa zinthu pafupifupi 19,000 zimene zinali ku nyumba yosungira zakale ya Hiroshima Peace Memorial Museum, ankasankha makamaka zimene zinakhudzapo thupi la munthu.

Apa ndi pamene muyenera kusankha, chifukwa njira zilipo ziwiri ndipo zonse n'zolemekezeka. Wojambula wina wa ku Japan, Tsuchida Hiromi, anajambula zinthu za m'nyumba yomweyo m'zaka za m'ma 1980, zakuda ndi zoyera, chinthu chonse chili pakati, kumbuyo kopanda kanthu, pambali pali mawu ofotokoza mwini wake ndi mtunda umene anali kuchokera pamene bomba linaphulikira pa 6 Ogasiti 1945. Umenewo ndi umboni. Tomatsu Shomei ku Nagasaki anajambula wotchi imene inaima pa 11:02, nthawi imene bomba linaphulika kumeneko, ndi botolo losungunuka. Ishiuchi anabwera ndi filimu ya mitundu, anaonetsa maluwa a pa diresi, lesi ya pakolala, ndi msoko wa pamanja umene mtsikana kapena mayi ake anasoka yekha. Mawu apansi pa chithunzi ndi ochepa: nambala ndi dzina la amene anapereka chovalacho. Amafuna muyambe mwaona kuti mwini diresiyu ankakonda kutchena, bomba libwere pambuyo m'maganizo mwanu.

Chimene chikupha zithunzi zanu n'choti mukujambula chovala chonse, chowongoledwa bwinobwino, muli chiimire patali. Yesani izi. Musanakweze kamera, khalani nacho chovalacho mphindi khumi, mufufuze pamene thupi linagwira ntchito: m'khwapa mmene mtundu wasuluka, kolala yoperepeseka, chigamba cha pabondo, batani losiyana ndi anzake, chidendene cha nsapato chodyeka mbali imodzi. Pamenepo ndiye pakhale pakati pa chithunzi. Musaope kudula: diresi lionekere kuyambira paphewa kulekeza m'chiuno, mkono umodzi utuluke kunja kwa chithunzi. Mikono musaitambasule mofanana. Umodzi upindike pang'ono pachigongono, siketi ikhote mbali imodzi. Mayiyu amagwira kamera ya 35mm m'manja, n'chifukwa chake zithunzi zake zimapendekeka pang'ono monga amaonera munthu woweramira chinthu.

Pamndandanda wanu onjezanipo za asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda. Anyamata a ku Nyasaland anakamenyana ndi asilikali a Japan ku Burma mu 1944, ndipo mabanja ena akusungabe mamendulo, malamba ndi zipewa zawo. Nkhondo imene inaumba Yokosuka ndi yomweyo imene inadutsa m'midzi ya kuno.

Tsabola_wa_ku_Ndirande

A Gogo anena za diso, ine ndinene za kuwala. Magetsi okwera mtengo simukuwafuna. Mukufuna mitundu iwiri ya kuwala, ndipo nsalu yokha ndiyo ikuuzeni wogwiritsa ntchito.

Nsalu yopyapyala, monga nayiloni, lesi, mpango wa shifoni kapena thonje lochapidwa zaka zambiri mpaka kuonekera, imafuna kuwala kochokera kumbuyo. Kuwala kukadutsa mu ulusi, misoko imada, malo operepeseka amayera, zigamba zimaonekera ngakhale zili m'kati. Nsalu yokhuthala, monga jekete, jinzi, bulangete ndi chitenje chosatha, kuwala sikudutsa. Imeneyo imafuna kuwala kwa m'mbali, kotsika, kuti khwinya lililonse likhale ndi mthunzi wake.

Wa m'mbali ndi wa ulere, ndi zenera. Koma zenera lake liti? Blantyre ili pafupifupi madigiri 16 kum'mwera kwa equator. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala dzuwa sililowa pazenera loyang'ana kum'mwera tsiku lonse, ndiye limenelo ndi lanu. Kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale zimatembenuka, dzuwa limadzera kum'mwera, ndiye samukirani pazenera la kumpoto. Miyezi yotsalayo phimbani zenera ndi nsalu yoyera. Yalani chovala pathabwa pafupi mita imodzi kuchokera pazenera, motsika kotero kuti kuwala kukugwera mopendekeka madigiri 20 mpaka 30. Mbali inayo imikani katoni yomatidwa pepala loyera, masentimita 50 kuchokera pachovala. Mukaiyandikiza kwambiri mithunzi imatha, nsalu n'kukhalanso yafulati.

Samalani ndi mtundu wa chipinda. Khoma lobiriwira, simenti yofiira ya polishi, ngakhale dothi lofiira la pabwalo, zonsezi zimathira mtundu wake pa bulauzi yoyera. Zimitsani babu la m'nyumba, jambulani RAW (fayilo imene kamera sinaikonze), ndipo chithunzi choyamba cha chovala chilichonse chikhale ndi grey card (kakatoni kotuwa koyezera mtundu) pambali.

Wa kumbuyo mukhoza kupanga nokha, ndi bokosi lounikira. Gulani ma panel a LED a kudenga kwa maofesi, a 60 ndi 60 sentimita. Diresi la munthu wamkulu limafika masentimita 100 mpaka 110, ndiye pafunika awiri ogundizana, ogulidwa tsiku limodzi, mtundu umodzi, chifukwa ena amakhala 4000K (kuwala kopita kuchikasu) ena 6500K (kopita kubuluu) ndipo mukasakaniza theka la diresi lidzatuluka lachikasu. Ngati pakatoni yake palembedwa CRI (muyezo wa mmene getsi limaonetsera mitundu), tengani ya 90 kupita m'mwamba. Yotsika imafooketsa zofiira. Pamwamba pake ikani perspex (pulasitiki yolimba yonga galasi) yoyera ngati mkaka, yodutsa kuwala koma yosaonetsa za kuseri, ya mamilimita 3, itakwezedwa masentimita 8 mpaka 10 pa timatabwa. Mukaigoneka pa panel penipenipo, mzere wolumikizira uja udzadutsa pakati pa chithunzi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zinayi. Choyamba, mita yoyezera kuwala ya kamera imaona kuyera konseko n'kuchepetsa kuwala, chovala n'kutuluka chakuda bii. Ikani pa manual, yezani perspex yopanda kanthu, kenako tsegulani ma stop awiri kapena awiri ndi theka (stop imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri). Chachiwiri, kuwala kwa kumbuyo kokha kumameza mtundu, choncho bokosilo liikeni pafupi ndi zenera lija kuti kutsogolo kulandire kuwala kochepera ndi stop imodzi ndi theka kapena ziwiri. Chachitatu, perspex yotsala yosaphimbidwa imathira chifunga mu lenzi. Phimbani ndi pepala lakuda mbali zonse zimene sizikulowa m'chithunzi. Chachinayi ndi mizere yakuda yopingasa. Magetsi athu ndi a 50Hz ndipo ma panel otchipa amaphethira ka 100 pa sekondi. Shutter ikhale 1/50 kapena 1/100, osapitirira apo.

Za lenzi. Pa sensa yanuyo, 50mm imafuna muime mamita 2.3 kuti diresi la masentimita 110 lilowe lonse. Patebulo simungafike, ndiye bokosi likhale pansi inu mukwere makwerero, kapena gwiritsani 18-55mm mutaiika pa 35mm, pamene mtunda umatsika kufika mamita 1.6. Pa 18mm ayi, imakhotetsa m'mphepete. Kuti kamera iyang'anane ndendende ndi chovala, gonekani kagalasi koonera nkhope pakati. Lenzi ikadziona yokha pakatikati pa chithunzi, mwalunjika.

Zapafupi, monga ulusi wa pa batani, 50mm yambiri imakana kuyandikira kuposa masentimita 35 mpaka 45. Extension tube (kamphete koika pakati pa lenzi ndi kamera) ya 12mm kapena 20mm imathetsa zimenezo motchipa. Koma dziwani kuti chinthu chikamaoneka theka la kukula kwake pa sensa, pa f/8 malo ooneka bwino (ali m'focus) sapitirira mamilimita 3. Kupuma kwanu kokha kumasuntha focus. Pazenera kwezani ISO ifike 800, shutter isatsike pa 1/160, tsamiritsani zigongono, jambulani katatu motsatizana. Nsalu ya ulusi wosalala ikayamba kuonetsa mafunde amitundumitundu amene pansaluyo palibe, sunthani kamera masentimita angapo kapena ipotozeni pang'ono.

Yunifolomu ya Mvano ndi mayeso aakulu chifukwa choyera ndi chakuda zili pamodzi. Tetezani choyeracho: onani histogram (kagirafu ka kuwala ka pakamera), bulauzi isagunde malire ake a kumanja, siketi mudzaitsegula pa kompyuta. Nsalu zofiira nazo zimapsa msanga pa channel yofiira ngakhale chithunzi chikuoneka bwino. Chepetsani gawo limodzi kapena awiri mwa atatu a stop.

Namaseko_Telala

Mwana wanga, funso lako la kuchapa yankho lake ndi ayi. Matope, makwinya ndi thukuta ndiye nkhani imene mukuifuna, ndipo thonje lokalamba likanyowa limalemera n'kung'ambika m'misoko, utoto wofiira ndi wabuluu n'kuthamangira pa zoyera. Simbi musayandikize. Mapini ayi, selotepi ayi, hang'ala ayi. Chovala chofooka sichinyamulidwa pamapewa. Chimalowetsedwa katoni yolimba pansi n'kunyamula katoniyo.

Ngati chili ndi chinyezi, chiume pamthunzi podutsa mphepo, chitayalidwa pa nsalu yoyera yochapidwa. Padzuwa ayi. M'nyumba zosungira zakale nsalu amaziunikira ndi ma lux (muyezo wa kuwala) 50 okha, pamene dzuwa la masana limafika 100,000. Pa bokosi la a Tsabola lija chisapitirire mphindi 15, ndipo muziyika dzanja kumva ngati perspex yayamba kufunda. Chuku chikakhalapo, ntchito ichitikire panja, mutavala magolovesi ndi masiki ya N95, chifukwa fumbi lake limalowa m'chifuwa. Sesani ndi burashi yofewa yopentera, pang'onopang'ono, chuku chokha. Matope ogwira asiyeni.

Njenjete ndi mazira ake zimafa ndi kuzizira. Chovala chouma bwino chikulungeni m'mapulasitiki awiri, finyani mpweya, mangani, ikani mu deep freezer ya madigiri 18 pansi pa ziro kwa milungu iwiri. Magetsi akathima mpaka zinthu kusungunuka, yambiraninso kuwerenga. Potulutsa musamasule tsiku lathunthu, kuti madzi aundane kunja kwa pulasitiki osati pansalu. Mawotchi, magalasi a maso, mano oikirira ndi zithunzi zakale musaziike mufiriji. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni chuku chimabwerera msanga, ndiye musasunge zovala za eni m'chipinda chotseka kwa milungu.

Kuti phewa lidzuke pang'ono, lowetsani m'kati kansalu koyera kothonje kopindapinda, kokhuthala sentimita imodzi kapena ziwiri. Nyuzipepala ayi, inki imatsalira. Mukadzaza kwambiri chimasanduka chidole cha m'sitolo.

Tsopano chachikulu kuposa zonsezi. Ishiuchi anajambula zovala za m'kati za mayi ake omubereka, ndipo za ku Hiroshima zinaperekedwa ndi mabanja eni ake. Inu mukupita kwa eni. Kwathu kuno zovala za malemu zimagawidwa pachibale, ndipo amene ali ndi diresi m'sutikesi si nthawi zonse amene ali ndi mawu. Kwa Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Achewa yambirani kwa mwini mbumba. Kwa Asena, Atumbuka ndi mabanja ena olowola, mawu ali kuchimuna. Mukalumpha pamenepa, chithunzi chidzatsitsidwa pakhoma tsiku lachionetsero. Yunifolomu ya Mvano funsaninso atsogoleri a amayi a mpingowo. Pitikoti ndi zina za m'kati musazipemphe n'komwe, pokhapokha mwana wamkazi wa malemu atulutse yekha. Chipeso chokhala ndi tsitsi chisatuluke m'nyumba. Mukudziwa zimene anthu amaganiza mlendo akatenga tsitsi kapena chovala cha wakufa, ndipo mantha amenewo ndi oyenera kuwalemekeza. Nyamulani zida zanu mukajambulire konko, wachibale ali pompo, iye ndi amene azitembenuza chovalacho.

Khalani ndi kaundula: nambala, mwini chovala, wopereka chilolezo, tsiku, ndi chithunzi cha mmene chinalili musanachikhudze. Nambalayo ilembedwe pakapepala komangidwa ndi ulusi pa bowo la batani.

Kanthu kena ka utelala. Mukapeza diresi la m'ma 1970 lowonjezedwa nsalu ina kumunsi, kapena lomasulidwa mpendero mpaka mzere wakale ukuoneka, funsani. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi zovala zoonetsa mawondo mpaka linachotsedwa mu 1993. Mzere umenewo, ndi kuwala kwa m'mbali, umaoneka bwino kwambiri. Pa nsalu ya chipani, nkhope ya Kamuzu idzakuberani chithunzi chonse mukaiika pakati. Pitani pangodya zimene zinkamangidwa m'chiuno, pamene nsalu yatanuka ndi kusuluka.

Nangondo_BT

Zikomo kwambiri a Gogo, achimwene a Tsabola ndi amayi a Namaseko. Za mwini mbumba ndi za tsitsi zalowa m'ndondomeko yathu. Zatsala ziwiri: filimu ija, ndi zipsera. Komanso pansi pa chithunzi tilembe zochuluka monga Tsuchida kapena zochepa monga Ishiuchi?

Mdima20

Achemwali, filimu ndi yotheka koma muisankhire ntchito yake. Zovala za Hiroshima n'zamitundu. Grain yokhuthala (timadontho tonga mchenga ta pa filimu) ndi ya zithunzi za Yokosuka, pamene ankatsuka filimu m'mankhwala otenthetsa kuposa muyezo n'kudinda yekha zithunzi zikuluzikulu m'chipinda chamdima kunyumba kwake. Pa nsalu grain yotere imalimbana ndi ulusi, ziwirizo n'kusokonezana. Pa makoma a nyumba zogumuka, kapena pa manja ndi mapazi, imagwira bwino.

Tengani Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X, zonse ISO 400. Kuno n'zosowa, ambiri amaitanitsa ku Johannesburg, ndipo wobweretsayo apemphe kuti pabwalo la ndege aiyang'ane pamanja, chifukwa makina atsopano ounikira katundu a CT amaiwononga ngakhale itadutsa kamodzi. Sungani mufiriji, muziitulutsa ola limodzi musanatsegule kachitini.

Muyezo wake: HP5 mu developer (mankhwala otulutsa chithunzi) ya ID-11 kapena D-76 yosasungunula ndi mphindi 7 ndi theka pa madigiri 20. Mukafuna grain yooneka koma yaukhondo, developer ya Rodinal gawo limodzi pa magawo 50 a madzi, mphindi 11. Tembenuzani thanki masekondi 10 pa mphindi iliyonse, n'kuigogoda patebulo kuti thovu lichoke. Vuto la kuno ndi kutentha. Mu Okutobala madzi a pampopi amatha kupitirira madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imadula nthawi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa khumi. Nthawi ikatsika pansi pa mphindi 5 filimu imatuluka ya mawangamawanga. Ikani mabotolo onse m'beseni limodzi la madzi, muziponyamo ayisi mpaka thermometer ifike 20. Onse, kuphatikizapo madzi otsukira. Anthu ambiri amaziziritsa developer yekha n'kutsukira madzi ofunda, ndipo kusiyana kwa madigiri opitirira 5 kukhoza kukwinyitsa khungu la filimu, kumene sikukonzeka. Stop bath (mankhwala oimitsa developer) ikasowa, vinyo wosasa woyera wa 5 peresenti, gawo limodzi pa magawo awiri a madzi, masekondi 30. Rapid fixer (mankhwala okhazikitsa chithunzi) gawo limodzi pa anayi, mphindi 5. Kutsuka kosawononga madzi: dzazani thanki, tembenuzani ka 5, tayani, ka 10, tayani, ka 20, tayani. Yanikani m'bafa motseka chitseko, mutathira madzi pansi kuti fumbi ligone. Mukafuna kuyesa njira yotenthetsa ija, yesani pa filimu ya makoma, osati ya munthu amene simungabwererenso kukamujambula.

Zipsera. Pa khungu lakuda chipsera chimaoneka ndi kutukuka kwake ndi kunyezimira, osati mtundu wokha. Flash ya pakamera imapha zonse ziwiri. Munthuyo akhale pafupi ndi zenera, kuwala kudutse mopingasa ndi mzere wa chipseracho. Kukayenda motsatira mzerewo chipsera chimabisala. Mupempheni asadzole Vaseline tsiku limenelo. Kunyezimira kukachulukabe, polariser (kagalasi koika patsogolo pa lenzi) imathandiza, koma imadya pafupifupi stop imodzi ndi theka, ndipo mukaipotoza mpaka kumapeto khungu limaoneka lakufa, siyirani pakati. Yezani kuwala pakhungu penipenipo kenako chepetsani stop imodzi, apo ayi mita idzamuyeretsa munthu kukhala wotuwa. Lenzi ya 50mm pa sensa yanu ndi yabwino chifukwa simufika pomupumira.

Ishiuchi sankaonetsa nkhope pa zipsera, ndipo pansi ankalemba choyambitsa ndi chaka chokha, monga ngozi, matenda kapena nkhondo. Tsatirani zimenezo, koma kumbukirani kuti Blantyre ndi yaing'ono. Mphini, ndolo kapena nsalu yodziwika zikhoza kumuulula munthu ngakhale nkhope palibe. Chilolezo chilembedwe m'Chichewa, chitchule padera chionetsero, buku ndi Facebook, chifukwa ambiri amavomera khoma koma osati foni. Amayi ajambulidwe ndi amayi anzawo. Munthuyo aone chithunzi chodindidwa musanachipachike, ndipo akhale ndi ufulu wochibweza. Ana asiyeni.

Gogo_Kamera

Pa mawu apansi, ine ndikusiyana pang'ono ndi mayi amene mukumutsatirayo, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ishiuchi anatha kulemba zochepa chifukwa dziko lonse likudziwa chimene chinachitika ku Hiroshima, ndipo mbiri ya chovala chilichonse inali italembedwa kale m'kaundula wa nyumba yosungirayo. Anafika patatha zaka 62 bomba litaphulika. Diresi la ku Chilobwe kapena lamba wa msilikali wa ku Burma alibe kaundula wina kupatula amene mulembe inuyo. Choncho chitani ziwiri: pakhoma nambala ndi dzina limene banja lavomereza, basi, mbiri yonse, yojambulidwa m'mawu a wachibale ndi kulembedwa, ikhale m'kabuku pakhomo, ndipo kope limodzi mukalipereke kosunga zakale, monga ku Museum ya ku Chichiri kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala.

Za Freddy musathamange. M'Malawi muno anthu oposa 600 anafa ndipo oposa 500 sanapezeke, kutanthauza kuti pali mabanja amene chovala ndicho chokha chatsala, manda palibe. Yambani ndi mabanja a m'gulu lanu lomwe, ndi zinthu za agogo amene maliro awo anazizira, mpaka manja azolowere ndipo mukhale ndi zithunzi zodindidwa zokaonetsa. Ku Chilobwe mukafike kudzera kwa mfumu ndi atsogoleri a mipingo, ulendo woyamba kamera itatsala kunyumba, ndipo mabanja adzisankhe okha. Musalonjeze thandizo limene mulibe.

Podinda, zithunzi zisakhale za saizi imodzi. Zina zikhale zazikulu kuposa chovala chenichenicho, zina zazing'ono, ndipo zipachikidwe mosiyana kutalika monga amachitira iye pa zionetsero zake. Makamera anuwo, ngati ndi a 24 megapixel, amapereka madontho 6000 m'litali. Pa 150 dpi (madontho 150 pa inchi) chimenecho ndi chithunzi cha mita imodzi, chokwanira kuonera munthu ataima mapazi angapo. Sankhani pepala losanyezimira, ndipo musanalipire chachikulu dindani kachidutswa ka masentimita 20 ka pamalo ovuta kwambiri, pamene choyera chikukumana ndi chakuda, mukakaonere m'chipinda chomwe chionetserocho chidzachitikire.